Slim, skinny, scrawny: chifukwa chake Chingerezi chili ndi mawu ambiri onenera munthu wowonda

Kwathu kuno mukakumana ndi mnzanu amene munasiyana naye chaka chatha n'kumuuza kuti "Koma ndiye mwanenepatu!", amamwetulira. Mwamuuza kuti zikumuyendera, pakhomo pali mtendere, ndiwo sizikusowa. Mawu omwewo mukawatembenuza mmene alili n'kuuza mayi wa ku London kapena New York kuti "You have become fat", nkhope isintha pomwepo, mwina chinansi n'kutha. Kumeneko chiyamikiro chimayenda chobwerera: munthu amauzidwa kuti "You've lost weight", ndiye kuti watsika thupi, iye n'kuthokoza. Ife wina akatiuza kuti tatha thupi, timadziwa funso lotsatira: mukudwala kodi?

Kusiyanaku sikuthera pa malonje, kunalowa m'mawu enieniwo. Wophunzira Chingerezi amakumana ndi thin, slim, slender, skinny, lean, svelte, scrawny, bony, gaunt, lanky, emaciated, ndipo akawamasulira onse amagwera m'dengu limodzi: wowonda. Komatu kwa eni chiyankhulo ena mwa mawuwa ndi otamanda, ena ndi achipongwe, ena ndi a m'chipatala. Thupi likhoza kukhala lomwelo, makilogalamu omwewo pa sikelo, wina n'kulitcha slender wina n'kulitcha scrawny. Awiriwo sakutsutsana za kukula kwa thupilo, akusiyana pa mtengo umene akulipatsa. Mawu athu, monga kuwonda, kunyentchera, kutha thupi, kutsala mafupa okhaokha, pafupifupi onse amapendekera ku chisoni. Chingerezi chili ndi mulu wa mawu otamanda kuwonda, ndipo mulu umenewu sunadzikundike wokha. Amene anaukweza ndi ogulitsa zovala, magazini, fodya ndi mankhwala.

Tiyambe ndi thin, liwu lakalekale la Chingerezi. Limanenedwa pa pepala lopyapyala, pa phala lamadzimadzi, pa ulusi, komanso pa munthu. Ndilo loyandikana kwambiri ndi kuwonda kwathu, chifukwa mayi wachingerezi akauza mwana wake kuti "You look thin" amakhala ali ndi nkhawa. Wofuna kuyamikira amalipewa n'kutenga slim kapena slender.

Slim ali ndi mbiri yoseketsa. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 kuchokera ku Chidatchi, kumene linkatanthauza chinthu chokhota, choipa, kapena munthu wochenjera moipa. Amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti m'Chiafrikaans mpaka lero munthu wa "slim" ndi wanzeru, wochenjera. Za thupi mulibemo. Angerezi ndi amene analisambitsa liwuli mpaka kukhala chiyamikiro cha tsiku ndi tsiku: wowonda mokongola, wopanda mafuta osafunika, koma wathanzi. Slender ndi mkulu wake waulemu, wopezeka kwambiri m'mabuku, ndipo amakonda kunena za khosi, zala ndi chiuno. Svelte anabwerekedwa ku Chifalansa, chimene nachonso chinabwereka ku Chitaliyana, ndipo amanunkhira ndalama: munthu wa svelte ndi wowonda amene wavala zodula. Willowy amachokera ku mtengo wa willow, wa nthambi zazitali zolendewera. Ife tikanayerekeza ndi bango likamawerama ndi mphepo. Petite si kuwonda kwenikweni koma kuchepa msinkhu. Mukaona liwuli pa kolala ya diresi pa kaunjika, dziwani kuti anaisokera mkazi wamfupi, wosapitirira masentimita pafupifupi 163.

Taonani amene amalandira mawu amenewa. Willowy, svelte, petite ndi slender kawirikawiri amapita kwa akazi. Mwamuna wowonda akamatamandidwa amatchedwa lean kapena wiry. Lean ndi liwu la kubutchala, nyama yopanda mafuta, ndipo pa munthu limanena za minofu yolimba ngati ya othamanga mtunda wautali a ku Kenya. Wiry ndi wowonda koma wolimba ngati waya. Mwamuna akuyamikiridwa pa zimene thupi lake lingachite, mkazi pa mmene lake likuonekera kwa woliyang'ana.

Mawu onyoza sitichedwapo. Scrawny ndi kuwonda kwa nkhuku yachitopa. Bony ndi wa mafupa oonekera. Lanky ndi mnyamata wamtali amene manja ndi miyendo zikuoneka ngati zam'kulira. Gaunt amanena makamaka za nkhope, masaya olowa ndi maso akuya, monga munthu wochoka pa matenda aakulu kapena pa maliro. Emaciated ndi skeletal ndi mawu a njala ndi chipatala. Madokotala amati underweight.

Liwu limene layenda ulendo wautali ndi skinny. Limachokera ku skin, khungu, ndipo kwa zaka mazana linali chitonzo: munthu wotsala khungu lokha. Lero kuli skinny jeans, buluku lothina lija achinyamata amalimbirana pamsika, kuli skinny latte, khofi wothira mkaka wochotsedwa mafuta, ndipo mtsikana wa ku America akhoza kuuza mnzake kuti "You look so skinny" mnzakeyo n'kukondwa tsiku lonse. Agogo ake atamva mawu omwewo akanamuwonjezera chakudya m'mbale. Kuti chitonzo chisanduke chiyamikiro chotere panadutsa zinthu.

Ku Ulaya nakonso kale thupi lodzaza linali chizindikiro cha ulemerero. Zithunzi zojambulidwa ndi Peter Paul Rubens m'zaka za m'ma 1600 n'zodzaza ndi akazi athupi, mpaka Chingerezi chili ndi liwu loti Rubenesque lotamanda mkazi wotero. Zinayamba kutembenuka chakudya chitachuluka. Aliyense akatha kukhuta, kukhuta kumaleka kusiyanitsa bwana ndi wantchito, ndipo olemera amafuna chizindikiro china. Mu 1863 William Banting, mkulu wina wa ku London wokonza maliro a anthu apamwamba, anasindikiza kabuku kofotokoza mmene anatsitsira thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Kanagulidwa kwambiri moti dzina lake linasanduka mneni: munthu wodzimana chakudya ankati akuchita "banting". Ku South Africa liwuli linadzukanso zaka zapitazi kudzera mwa Pulofesa Tim Noakes, amene ankalimbikitsa kadyedwe kotere.

Pofika m'ma 1920 mafashoni a akazi ku America ndi ku Ulaya ankafuna thupi lowongoka ngati la mnyamata, lopanda chifuwa ndi mbina. Amalonda anaona mwayi. Chakumapeto kwa zaka zimenezo kampani ya ndudu za Lucky Strike inkauza akazi kuti akalakalaka switi atenge ndudu m'malo mwake, kuti asanenepe. Ana nawonso sanasiyidwe: chidole cha Barbie chimene chinatuluka mu 1965 chinali ndi kasikelo koloza mapaundi 110, pafupifupi makilogalamu 50, ndi kabuku ka malangizo ochepetsera thupi kamene kumbuyo kwake kunalembedwa kuti "Don't eat!", osadya. Chaka chotsatira nyuzipepala ya Daily Express inatcha mtsikana wa zaka 16, Lesley Hornby, nkhope ya 1966. Dziko limamudziwa ndi dzina loti Twiggy, lochokera ku twig, katsatsa ka mtengo. Ankalemera makilogalamu pafupifupi 41. Dzina limene pabwalo la sukulu likanakhala lonyazitsa linasanduka chizindikiro cha malonda.

Ndiye panabwera zaka za m'ma 1990 ndi liwu loti waif. Poyamba waif linali liwu la malamulo, lonena za katundu kapena chiweto chosokera chopanda mwini. Kenako linayamba kutanthauza mwana wosiyidwa, wongoyendayenda mumsewu wopanda womusamala. Olemba za mafashoni analitenga n'kulipereka kwa Kate Moss ndi anzake, atsikana owonda, otuwa, ooneka ngati sanagone. Moss anatchuka ndi zithunzi zotsatsa malonda a Calvin Klein, kampani ya zovala ndi mafuta onunkhira ya ku New York. Maonekedwewa anapatsidwanso dzina lina, heroin chic, kutanthauza kukongola kofanana ndi munthu amene wamalizika ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin. Mu 1997, wojambula zithunzi wachinyamata Davide Sorrenti atamwalira ali ndi zaka 20, Pulezidenti Bill Clinton anadzudzula poyera mchitidwe wokometsera maonekedwe amenewa.

Apa m'pamene munthu wa kuno amayenera kuima kaye. M'zaka zomwezo liwu loti slim linali ndi tanthauzo lina kum'mawa kwa Africa. Mu 1985 madokotala a ku Uganda, mwa iwo David Serwadda ndi Nelson Sewankambo, analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za matenda atsopano amene anthu a ku Rakai ankawatcha "slim", chifukwa odwala ankangotha thupi mpaka kumwalira. Anali Edzi. Chaka chomwecho ndi chimene Malawi anapeza wodwala Edzi woyamba, ndipo ife tinali kale ndi dzina lolira ngati lomwelo, kaliwondewonde. Aliyense amene anakula nthawi imeneyo akukumbukira mmene anthu ankayang'anirana: wina akatsika thupi pang'ono, manong'onong'o ayamba kuseri. Masaya olowa amene ankagulitsa mafuta onunkhira ku New York ndi omwewo amene tinkawaona pa mphasa m'makomo mwathu. Mpaka ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, kubwerera thupi ndiko kunali umboni woti munthu wapulumuka. Choncho Mmalawi wamkulu akamakayikira chiyamikiro choti "You look slim", si kutsalira ayi. Liwulo limamukumbutsa maliro.

M'zaka za m'ma 2000 nkhani inasamukira pa manambala. Size zero ndi saizi ya zovala ya ku America yofanana ndi saizi 4 ya ku Britain, ndipo inasanduka muyezo wa atsikana owonetsa zovala. Taganizani dzina lokhalo: mkazi wokongola ndi amene saizi yake ndi ziro. Mu Ogasiti 2006 Luisel Ramos, wa zaka 22, anagwa n'kumwalira pa chionetsero cha zovala ku Montevideo m'dziko la Uruguay, atakhala nthawi yaitali akudzimana chakudya. Mu Novembala chaka chomwecho Ana Carolina Reston wa ku Brazil, nayenso wowonetsa zovala, anamwalira ali ndi zaka 21, ndipo kumayambiriro kwa 2007 mng'ono wake wa Luisel, Eliana, anamwaliranso ali ndi zaka 18. Matenda amene amatchulidwa pa imfa zotere ndi anorexia nervosa, dzina limene dokotala wa ku England William Gull anapereka mu 1873. Ndi matenda a m'maganizo amene munthu amaopa kunenepa koopsa, n'kumadziona wonenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka, ndipo ali m'gulu la matenda a m'maganizo amene amapha kwambiri. N'chifukwa chake kutcha munthu aliyense wowonda kuti "anorexic", monga ena amachitira mocheza, n'kulakwa kawiri: wanyoza wowondayo, wapeputsanso odwala.

Maboma analowererapo, ndipo chida chimene anagwira ndi BMI. Kawerengedwe kake n'kosavuta: kulemera kwa munthu m'makilogalamu kugawa ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Anayambitsa ndi katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'ma 1830, ndipo dzina loti body mass index linaperekedwa ndi Ancel Keys mu 1972. Bungwe la WHO limati wamkulu amene BMI yake ili pansi pa 18.5 ndi wopelewera thupi. Mu Seputembala 2006 okonza chionetsero cha zovala ku Madrid analetsa atsikana a BMI yosafika 18. Kwa mtsikana wotalika mamita 1.75 ndiye kuti asatsike pa makilogalamu 55. Israel inakhazikitsa lamulo lotere mu 2012. France inavomereza lake mu 2015, loti wowonetsa zovala akhale ndi kalata ya dokotala, ndipo wolemba ntchito wophwanya lamuloli akhoza kulipira mayuro 75,000 ndi kukhala m'ndende miyezi 6. Kuyambira mu Okutobala 2017, chithunzi chamalonda chimene thupi la munthu lachepetsedwa kapena kukulitsidwa pa kompyuta chiyenera kulembedwa kuti "photographie retouchée", chithunzi chokonzedwa. Mfundo yomalizayi njofunika: ngakhale atsikana owondetsetsawo ankawondetsedwanso pa kompyuta. Thupi limene owerenga magazini ankalisirira panalibe amene anali nalo.

Wina anganene kuti zithunzi ndi mawu sizidwalitsa munthu, ndipo n'zoona kuti matenda a kadyedwe ali ndi magwero ambiri, kuphatikizapo chibadwa. Koma pali zimene zinachitika ku Fiji, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific. Kumeneko, monga kwathu, thupi lodzaza linkatamandidwa, ndipo kuwonda kunali chizindikiro choti munthu sakusamalidwa. Wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995, ikuonetsa kwambiri masewero a ku America, Britain ndi Australia. Anne Becker wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anafunsa atsikana a sukulu za sekondale TV itangofika, n'kufunsanso gulu lina mu 1998. Ulendo woyamba panalibe ngakhale mmodzi amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Patapita zaka zitatu anali 11 pa 100 alionse, ndipo 74 pa 100 alionse anati amadziona kuti ndi aakulu thupi kapena onenepa mopitirira. Atsikana ofunsidwawo anali ochepa, ndipo kafukufuku mmodzi satseka mlandu. Komabe chimene chimandikhudza n'chakuti ambiri sankanena za kukongola kokha. Ankaona kuti akazi owonda a pa TV ndi amene ali ndi ntchito zabwino, magalimoto ndi ufulu, ndiye ankafuna moyo umenewo. Thupi linali ngati chiphaso cholowera.

Intaneti itabwera, mawu anayamba kubadwa mofulumira kuposa mmene madikishonale angawalembere. Thinspiration, kapena thinspo mwachidule, ndi kuphatikiza thin ndi inspiration: zithunzi za anthu owondetsetsa zimene atsikana amagawana kuti alimbe mtima osadya. Pro-ana ndi magulu amene amatenga anorexia ngati moyo wosankha osati matenda. Thigh gap ndi mpata pakati pa ntchafu munthu akaima mapazi ali pamodzi, chinthu chimene chimadalira kwambiri kapangidwe ka mafupa a m'chiuno, moti ambiri sangakhale nacho ngakhale atasala kudya mwezi wathunthu. Mawu amene Kate Moss ananena mu 2009, akuti palibe chakudya chokoma kuposa mmene munthu amamvera akakhala skinny, anasanduka mbendera ya magulu amenewa; iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti amanong'oneza bondo. Mu 2012 masamba a mchezo a Tumblr, Pinterest ndi Instagram analetsa zolimbikitsa kudzimana chakudya, koma ogwiritsa ntchito ankangosintha kalembedwe ka liwu, kuwonjezera chilembo kapena nambala, n'kupitiriza. Mu 2021 zikalata za m'kati mwa Facebook, mwini wake wa Instagram, zimene Frances Haugen amene ankagwirako ntchito anaulula zinaonetsa kuti kampaniyo inkadziwa kuchokera pa kafukufuku wake womwe kuti, mwa atsikana amene sankakondwa ndi matupi awo, mmodzi mwa atatu ankati Instagram imawonjezera vutolo. Mu Juni 2025 TikTok inatseka hashtag ya SkinnyTok, ya mavidiyo olimbikitsa kuwonda, boma la France litadandaula.

Masiku ano amalonda ochenjera satchulanso thin kapena skinny. Anaphunzira mu 2015, pamene chikwangwani cha kampani ya Protein World m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku London, chofunsa akazi ngati matupi awo ali "beach body ready", okonzeka kuonekera kunyanja, chinakwiyitsa anthu zikwizikwi. Chaka chotsatira meya Sadiq Khan analetsa malonda otere pa mabasi ndi sitima za mumzindawo. Tsopano amati toned, fit, sculpted, snatched (wa chiuno chaching'ono), clean eating, wellness. Mawuwa akumveka ngati a thanzi, koma yang'anani chithunzi chimene chili pambali pake: kawirikawiri ndi thupi lomwe lija, langovala zovala za ku jimu. Clean eating ndiye ali ndi mbola yobisika, chifukwa ngati pali kudya koyera ndiye kuti wodya nsima ya chiwamba ndi chipisi cha pachiwaya akudya zauve. Kwabweranso jakisoni wa semaglutide wa kampani ya Novo Nordisk, amene anavomerezedwa ku America mu 2017 ndi dzina la Ozempic pothandiza odwala shuga, kenako mu 2021 ndi dzina la Wegovy pochepetsa thupi. Nayenso wabereka liwu lake, "Ozempic face", nkhope yofota ya munthu amene watsika thupi mofulumira. Ndi gaunt yemwe uja, wangopatsidwa dzina la mankhwala odula.

Tisadzinamize kuti mbali yathu ya dziko ilibe goli lake. Ku Mauritania kuli mwambo wa leblouh wokakamiza atsikana kudya kuti anenepe asanakwatiwe, ndipo Aefik a ku Calabar ku Nigeria ankatsekera namwali m'nyumba yomunenepetsera. Ku Nigeria komweko, kumene mkazi wowonda amatchedwa lepa ndipo wathupi orobo, Agbani Darego atapambana Miss World mu 2001 panali mtsutso wa ngati mtsikana wamtali wowonda chotero ndiye kukongola kwa Chinaijeriya. Chingerezi cha anthu akuda a ku America chinabweretsa thick ngati chiyamikiro cha mkazi wa ntchafu ndi mbina, ndipo ambiri anaona ngati mpumulo wafika. Koma posakhalitsa panabadwa slim-thick: mimba yaphwa, chiuno chaching'ono, mbina yaikulu, zonse pa munthu mmodzi. Muyezo umenewu ndi wovuta kuposa wa Twiggy, chifukwa ukufuna kuti uwonde pena n'kunenepa pena, ndipo thupi silimva malangizo otero. Ndiwo ukukankhira akazi ku maopaleshoni owonjezera matako ndi ku mankhwala ngati Apetamin, manyuchi okhala ndi cyproheptadine owonjezera chilakolako cha chakudya, amene saloledwa kugulitsidwa ku Britain ndi ku America ndipo akhoza kuwononga chiwindi.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa akazi a ku Malawi a zaka 15 mpaka 49, 7 pa 100 alionse anali opelewera thupi pamene 21 anali onenepa mopitirira muyezo, ndipo kunenepaku kunali kofala kwambiri pakati pa akazi a m'tauni. Ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ndi dziko limodzi limene namwino m'mawa akulangiza mayi za phala la mwana wonyentchera, masana akuuza wina wa shuga ndi BP kuti achepetse thupi. Pakati pa zimenezi pali mtsikana wa ku Lilongwe kapena Blantyre amene foni yake ikumuphunzitsa snatched ndi slim-thick. Anzake a kuntchito akamuona watsika amati akuoneka bwino, apitirize. Loweruka akafika kumudzi, agogo ake amamugwira dzanja, kuliyeza ndi zala, n'kufunsa ngati kutauniko chakudya chikupezeka, kenako n'kutuma mwana kuti akagwire nkhuku.